Mabokosi okhoma osungiramo njinga pantchito: ofunika kugula ndi otani, ndipo akhale angati?

Mayi wina amene amayang'anira za ogwira ntchito pakampani ina ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, watifunsa motere: "Anthu pafupifupi 60 pakampani pathu amabwera kuntchito panjinga zakapalasa kuchokera ku Area 25, ku Mgona, ku Area 49 ndi ku Lumbadzi. Njingazo amaziyedzeka kumpanda, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndipo zina zabedwa pamene zina zachotsedwa matayala ndi zishalo. Akuluakulu avomera kuti tigule mabokosi achitsulo okhoma, aja ogulitsa amawatchula kuti bike locker, ndipo andituma kuti ndipeze makoteshoni. Kodi ndiyang'ane chiyani kuti tisawononge ndalama pazinthu zimene akuba adzaziphwanye mosavuta?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi mfundo imene mwina akuluakulu anu sakuiyembekezera: musagule mabokosi 60. Pakampani imene ili ndi mpanda, geti ndi alonda, ndipo antchito ake ambiri amakwera njinga zikuluzikulu zamakaliyala, njira yanzeru ndi kumanga khola limodzi lolimba, lofolera bwino, lokhala ndi zitsulo zomangirirako njinga, kenaka n'kuwonjezerapo mabokosi ochepa chabe a anthu amene akuwafunadi. Ndifotokoza kaye chifukwa chake, kenaka ndinene zoyenera kuyang'ana pamabokosi ochepawo, popeza ndi pamenepo pamene ogula ambiri amapusitsidwira.

Bokosi la njinga imodzi limakhala la mamita pafupifupi 2 m'litali, masentimita 80 kapena 90 m'lifupi ndi mita 1.2 kupita m'mwamba, ndipo kutsogolo kwake pamafunika mpata wa mamita ena 2 kuti chitseko chitseguke ndipo munthu atulutse njinga yake chobwerera m'mbuyo. Mukaika mabokosi 60 m'mizere iwiri yoyang'anana, mudzafuna malo a mamita 27 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Njinga zomwezo zikamangiriridwa kuzitsulo 30, ziwiriziwiri pachitsulo chilichonse, zimakwana pamalo a mamita 18 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, ngakhale mutasiya mpata wa mita 1.2 pakati pa chitsulo ndi chinzake. Kusiyana kwenikweni komabe kuli pa kuchuluka kwa chitsulo. Bokosi limodzi loima palokha, lopangidwa ndi chitsulo chochindikala mamilimita 1.5, limalemera makilogalamu pafupifupi 100, pamene chitsulo chomangirirako njinga ziwiri chimatenga paipi yosafika mamita 3, yolemera makilogalamu 10 kapena kupitirira pang'ono. Mapaipi amagulitsidwa m'zidutswa za mamita 6, kutanthauza kuti paipi imodzi imapereka zitsulo ziwiri, zosungira njinga zinayi. M'dziko limene zitsulo zambiri zimachokera kunja ndipo mitengo yake imakwera pamodzi ndi kusowa kwa ndalama zakunja, masamu amenewa ndi okwanira kuwaonetsa akuluakulu anu musanaitanitse koteshoni ina iliyonse.

Chitsulo chimene ndikunenachi ndi chija chimadziwika ndi dzina la Sheffield stand, kuchokera kumzinda wa Sheffield ku England. Ndi paipi yokhuthala mamilimita pafupifupi 50, yopindidwa kukhala ndi miyendo iwiri, yotalika masentimita 75 kuchokera pansi, ndipo miyendo yake imalowa masentimita 25 mpaka 30 mukonkire. Ubwino wake ndi wakuti njinga imatsamira ndi felemu yake yonse, ndipo mwini wake amatha kumanga felemu pamodzi ndi tayala lakumbuyo ndi loko imodzi, tayala lakutsogolo ndi ina. Malangizo amene boma la Britain lidatulutsa mu 2020 okhudza malo a njinga, otchedwa LTN 1/20, amati mpata wa pakati pa zitsulozi usachepere mita imodzi ndipo amalimbikitsa mita 1.2. Kwa ife kuno ndinganene kuti mita 1.2 ikhale poyambira, chifukwa makaliyala athu ndi otambalala, ndipo ena adaikapo khushoni ndi popondera mapazi popeza akaweruka amachitako kabaza kapena kunyamula matumba a chimanga. Amisiri owotcherera zitsulo ena adzakuuzani kuti akupangireni tizitsulo tapansi tolowetsamo tayala lakutsogolo lokha, poti n'totsika mtengo. Mukane mwaulemu. Njinga yolemera ikagwa tayala lili mmenemo mkombero umapindika, ndipo wakuba amangomasula manati awiri n'kunyamula njinga yonse, mwini wake n'kupeza tayala lokha lili chikhomere.

Kholalo lizunguliridwe ndi waya wochindikala wowotcherera kapena zitsulo zonga za mabagala m'mawindo, kufika kudenga osasiya mpata pamwamba, ndipo likhale ndi khomo limodzi lokha. Pakhomopo gwiritsani ntchito njira imene osunga njinga m'misika yathu adaizolowera kale, ya tizitsulo kapena timakadi tiwiri ta nambala yofanana, kena komangirira panjinga, kena kopita nako mwini wake, ndipo njinga isatuluke popanda tiwirito kukumana. Wina angaganize kuti njira imeneyi ndi yachikale, koma malo aakulu kwambiri osungirapo njinga padziko lonse, amene ali pasiteshoni ya sitima ya Utrecht ku Netherlands ndipo adamalizidwa mu 2019 ndi malo a njinga 12,500, sagwiritsa ntchito bokosi pa njinga iliyonse. Amadalira zitsulo zoimikapo njinga, antchito olondera ndi kuonetsa khadi polowa ndi potuluka.

Mabokosi okhoma ali ndi ntchito yake kwa anthu ochepa. Ndi oyenera kwa amene amagwira ntchito usiku pamene pakampani pali anthu ochepa, kwa madalaivala ndi ena amene amasiya njinga masiku angapo akapita kuntchito kunja kwa mzinda, ndiponso kwa amene ali ndi njinga zodula zamagiya kapena zoyendera batire, zimene matayala ndi zishalo zake zimachoka pongotembenuza kachitsulo ndi dzanja popanda sipanala. Werengani anthu oterewa musanagule. Ndikukhulupirira kuti mudzapeza kuti mabokosi 6 kapena 8 ndi okwanira poyamba, ndipo ndi bwino kusiya malo oti mudzawonjezere m'tsogolo kusiyana ndi kugula ambiri amene adzangokhala opanda kanthu.

Musanayang'ane kabuku ka wogulitsa aliyense, tengani tepi yoyezera mupite nayo pamene pali njingazo. Mabokosi ambiri ochokera kunja adapangidwa poganizira njinga zopepuka za ku Ulaya, pamene njinga zathu za matayala a mainchi 28, monga za Hero, Avon ndi zina zotere, zimayandikira mita 1.9 m'litali zikakhala ndi kaliyala wowonjezera, ndipo njinga zamagiya zokwerera mapiri zimakhala ndi mahandulo ofika masentimita 75 kapena kuposa. Chofunika kuyeza ndi mpata weniweni wa pakhomo chitseko chitatseguka, osati kukula kwa bokosi kunja kwake, chifukwa mafelemu a chitseko amadya masentimita angapo mbali zonse. Palinso mabokosi oimirira, amene njinga imakolekedwa ndi tayala lakutsogolo lili m'mwamba, ndipo ogulitsa amawayamikira kuti satenga malo ambiri. Amenewo musawaganizire n'komwe. Njinga ya Buffalo, imene kaliyala wake adapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100, imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo kuuza mayi kapena bambo wachikulire amene wapalasa kuchokera ku Lumbadzi kuti aiimike chilili ndi kuikoleka m'mawa uliwonse ndi kumuuza kuti abwerere kumpanda kuja.

Tsopano ndinene za kulimba kwa bokosilo, pamene ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali ndi wogulitsa. Funsani kuchindikala kwa chitsulo m'mamilimita, ndipo akulembereni pakoteshoni. Makoma asachepere mamilimita 1.5, ndipo chitseko chikhale cha mamilimita 2 chokhala ndi felemu yolimbitsa m'kati. Kuti muone kusiyana kwake, malata a geji 28 amene timafolera nyumba safika ngakhale theka la milimita imodzi, ndipo amadulika ndi sizasi ya malata. Bokosi lopangidwa ndi malata oterewa pafelemu yachitsulo limaoneka bwino likapakidwa penti koma silitchinga wakuba. Akuba kawirikawiri sadula khoma. Amafuna mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu kuti alowetsepo chitsulo n'kukanula, choncho m'mphepete mwa chitseko muyenera kukhala mopindidwira m'kati, ndipo chitsekocho chizilowa mufelemu m'malo mongogona pamwamba pake. Chitseko chimene chimagwira pamalo amodzi okha, pakati, chimapindika mukachikoka pakona yapamwamba kapena yapansi. Chabwino ndi chimene mukatembenuza chogwirira chimakankha timipiringidzo titatu, m'mwamba, pakati ndi pansi. Mahinjesi akhale obisika m'kati, ndipo ngati ali kunja, misomali yake ikhale yowotcherera kuti isagogodedwe n'kutuluka, chifukwa loko yodula sithandiza kanthu ngati chitseko chingachotsedwe mbali ya mahinjesi.

Loko ndiyo imafuna kusankha mosamala koposa zonse. Ngati bokosi likukhomedwa ndi loko yapadera yokolekera, pamalo pokolekerapo pakhale chitsulo chophimba, kotero kuti kakhosi ka lokoyo kasaoneke ndipo chodulira zitsulo chisapeze pogwira. Maloko ozungulira ngati mbale, amene kakhosi kake kamaoneka pang'ono chabe, ndi abwino pantchito imeneyi. Ku Ulaya maloko oterewa amayesedwa potsata muyezo wa EN 12320, umene umawaika m'magulu kuyambira 1 mpaka 6, ndipo panja ngati pamenepa gulu 3 kapena 4 ndi lokwanira. Musalole kuti aliyense abwere ndi loko yake pamabokosi a kampani, chifukwa ambiri adzagula maloko otsika mtengo a pamsika, amene ena mwa iwo amatseguka ndi kiyi wa loko inzake, ndipo bokosi la makilogalamu 100 lidzakhala likudalira kaloko kotere. Za maloko amagetsi, otsegula ndi khadi kapena foni, ndili ndi chikayiko chachikulu. Funsani wogulitsa chimene chimachitika magetsi akazima: ena amatseguka okha, zimene zikutanthauza kuti njinga zonse zili pambalambanda, ndipo ena amakhala chitsekere, zimene zikutanthauza kuti wantchito woweruka usiku ayenda pansi mpaka ku Area 25. Onjezanipo fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala ndiponso kuvuta kwa zipangizo zosinthira, mudzaona kuti kiyi wamba amene mmisiri wa mumzinda momwemo angamukonze ndi wodalirika.

Bokosi liyenera kumangidwa pansi. Ambiri amaiwala kuti anthu anayi angathe kulipendeketsa, ndipo popeza mabokosi ambiri alibe chitsulo pansi, njinga imatulukira kunsi osakhudza loko. Likhale pakonkire yochindikala masentimita 10 kapena kuposa, lomangidwa ndi mabawuti okhomerera mukonkire, ndipo mitu ya mabawutiwo ikhale m'kati mwa bokosi. Pamene bawuti ikuonekera kunja, pakhale manati aja amathyoka mutu akamangidwa kotheratu, kapena mmisiri angodontheza moto wowotcherera panatipo. M'kati mwa bokosi mukhalenso chitsulo cholimba chomangirirako felemu ya njinga, chozikika mukonkire osati chowotcherera kukhoma lopyapyala, kuti wakuba amene wagonjetsa chitseko apezenso ntchito yachiwiri ikumudikira.

Pali nkhani ina imene akatswiri amasiyana maganizo, yoti makoma akhale otsekeka kotheratu kapena a timabowo toonekera m'kati. Amene amakonda otsekeka amati wakuba saphwanya bokosi limene sakudziwa ngati muli njinga yodula kapena mulibe kanthu, ndipo mfundo imeneyi ndi yoona pamalo a anthu onse monga pasiteshoni ya basi. Pakampani ya ku Kanengo ine ndingasankhe a timabowo, makamaka pachitseko ndi chakumtunda kwa makoma. Chifukwa choyamba ndi chakuti bokosi lotsekeka, limene kiyi wake ali ndi munthu mmodzi, limasanduka mosavuta malo obisamo katundu wa kampani podikira mpata womutulutsa, ndipo alonda anu ayenera kuona m'kati osapempha kiyi. Chifukwa chachiwiri ndi kutentha ndi chinyezi. Bokosi lachitsulo likakhala padzuwa la mu Okutobala limatentha kwambiri kuposa panja, zimene zimafooketsa matayala, machubu ndi zigamba zake, ndipo nthawi ya mvula njinga yolowa yonyowa m'bokosi lopanda mpweya imachita dzimbiri patcheni msanga. Kutenthaku n'koopsa makamaka pamabatire a lithium a njinga zamagetsi, amene sayenera kutchajidwa pakatentha kuposa madigiri 45. Musaike masoketi m'mabokosi. Amene akufuna kutchaja achotse batire n'kukalitchaja pamalo ozizira pamene pali anthu oona, kutali ndi katundu woyaka. Mabokosiwo akhale pamthunzi kapena pansi pa denga la khola lomwe lija, ndipo konkire yake ikwere pang'ono ndi kupendekera kunja kuti madzi asadikhe.

Za dzimbiri ndinene mwachidule. Chitsulo choviikidwa mu zinc yosungunuka chitatha kuwotcheredwa, potsata muyezo wa ISO 1461, chimakhala zaka zambiri osafuna penti. Ngati mukupangitsa kwa amisiri a kuno amene alibe njira imeneyi, apake penti yoteteza dzimbiri asanapake yokongoletsa, makamaka m'malo owotcherera ndi m'munsi mokhudza konkire, ndipo muike mubajeti kuti muzipakanso pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.

Mwanena kuti njinga zimakhala kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndipo ndikuona kuti vuto lanu lalikulu lili pamenepo kuposa pa kusowa kwa mabokosi. Palibe loko kapena chitsulo chimene chingapirire mpaka kalekale makina odulira zitsulo oyendera batire, amene masiku ano amalowa m'chikwama. Chimene chitsulo chabwino chimachita ndi kuchedwetsa wakuba ndi kumukakamiza kuchita phokoso ndi kuthetheka moto. Phokosolo limathandiza pokhapokha pali wina womva. Ikani khola ndi mabokosi pamene mlonda wa pageti akuwaona atakhala pampando wake, pafupi ndi khomo limene antchito amalowera, ndipo pakhale nyali yoyendera dzuwa imene siidalira magetsi a pakampani. Ngati kuchita zimenezi kukutanthauza kutenga malo oimikapo galimoto ziwiri kapena zitatu za akuluakulu, akumbutseni kuti malo a galimoto imodzi amasunga njinga 8 kapena 10. Makamera amathandiza kuzindikira wakuba zinthu zitachitika, koma aikidwe moyang'ana nkhope za otuluka pakhomo la khola, osati pamwamba patali pamene amangojambula zipewa. Ndiyeneranso kunena mosabisa kuti njinga ikasowa m'kati mwa mpanda wokhala ndi geti limodzi, nthawi zambiri wotenga amakhala munthu amene ali ndi chifukwa chopezekera m'katimo, kaya wantchito, waganyu kapena wobwera ndi galimoto yonyamula katundu, n'chifukwa chake dongosolo la makiyi ndi lofunika ngati chitsulo chenichenicho.

Bokosi lililonse likhale ndi kiyi wakewake ndi dzina la munthu amene wapatsidwa, lolembedwa m'kaundula. Kiyi wotsegula mabokosi onse akhale m'kabati yokhoma mu ofesi, osati m'thumba la mlonda, ndipo akafunika pakhale anthu awiri ndi kusayina. Zimenezi zimatetezanso alonda omwewo, amene amakhala oyamba kulozedwa chala ndi kudulidwa malipiro njinga ikasowa ngakhale palibe umboni. Kiyi akatayika, lokoyo isinthidwe m'malo modulitsa kiyi wina, ndipo munthu akasiya ntchito abweze kiyi asanalandire zomalizira zake. Muziyenderanso mabokosiwo mwezi uliwonse, popeza pamapezeka anthu amene amagwira bokosi miyezi yambiri atasiya kale kubwera panjinga pamene anzawo akudikira.

M'kaundula momwemo lembani njinga ya wantchito aliyense: mtundu wake, maonekedwe ake, chithunzi cha pafoni ndi nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa kunsi, pamene pamazungulira mapedulo, kapena pansi pa chishalo. Njinga ikabedwa apolisi amafuna chizindikiro chotsimikizira mwini wake, ndipo penti imasinthidwa tsiku limodzi pamene nambala yodinda imavuta kufafaniza osasiya chipsera. Kampani ingachitenso bwino kugula maloko abwino ambiri nthawi imodzi n'kumawagulitsa kwa antchito pang'onopang'ono kudzera m'malipiro. Zingwe za waya zokutidwa ndi pulasitiki zimadulika m'kanthawi kochepa, ndipo unyolo wochindikala mochepera mamilimita 10 sulimba pamaso pa chodulira chachikulu. Ngati mukuitanitsa kunja, yang'anani chizindikiro cha Sold Secure cha ku Britain, chimene chimaika maloko m'magulu a Bronze, Silver, Gold ndi Diamond, kapena cha ART cha ku Netherlands chimene chimapereka nyenyezi 1 mpaka 5. Loko ya Silver kapena ya nyenyezi 2 ndi yokwanira m'khola lolonderedwa. Funsaninso a inshuwalansi ya kampani ngati katundu wa antchito wosungidwa pamalo anu ali m'gulu la zotetezedwa, ndipo yankho lawo lilembedwe m'malamulo a kholalo kuti pasadzakhale kukangana tsiku limene njinga yasowa.

Pofunsa makoteshoni, lembani nokha zimene mukufuna, kuchindikala kwa chitsulo, mpata wa pakhomo, mtundu wa loko ndi mahinjesi, kamangidwe ka pansi ndi njira yotetezera dzimbiri, ndipo mupereke pepala lomwelo kwa onse, ogulitsa za kunja ndi amisiri a mumzinda, kuti mitengo yawo ifananizidwe pa chinthu chimodzi. Amene mwamusankha apange kapena abweretse bokosi limodzi lokha poyamba. Lowetsanimo njinga yaitali koposa zonse ndi ya mahandulo otambalala koposa zonse, mupemphe wantchito wamng'ono thupi kuti atsegule, alowetse ndi kukhoma yekha, kenaka mupatse mmisiri wa pakampani chitsulo chokanulira kuti ayese pakona za chitseko wogulitsayo akuona. Mugwirizane pasadakhale, polemba, kuti ngati chitseko chipindika mpaka dzanja kulowa, bokosilo libwerera kwa mwini wake ndipo otsalawo sapangidwa mpaka atakonza.